Dzina Limene Linatchulidwa pa Ife: Mawu Okhudza Ubatizo pa Chikondwerero cha Zaka 50



Pamene akomiti yokonza chikondwerero anatipempha kuti tilankhule za ubatizo, panali ena amene anadabwa. Anati tsiku lalikulu ngati lino bwenzi tikumva za amene anaumba njerwa za tchalitchi choyamba, za amayi amene ankasenza madzi ndi mchenga pamutu, za malata amene ankagulidwa limodzilimodzi. Zimenezo nzofunika ndithu, ndipo muziwerenga m'masamba ena a kabuku kano. Koma njerwa isanaumbidwe ngakhale imodzi panali anthu, ndipo anthuwo anali ndi chinthu chimodzi chowalumikiza: anali obatizidwa.

Mwambo wokumbukira chaka cha 50 tinautenga pa Levitiko 25. Mulungu analamula Aisraele kuti chaka chimenechi chikafika azilize lipenga m'dziko lonse. Munthu amene anagulitsa munda wa makolo ake chifukwa cha umphawi ankabwezeredwa mundawo. Amene anadzigulitsa kukhala kapolo ankamasulidwa n'kubwerera kwa abale ake. Chinali chaka chobwerera kumudzi. Tsono ife lero tibwerera kuti? Munda wa ku Kanani tilibe, ndipo midzi ya makolo athu ndi yosiyanasiyana. Koma alipo malo amodzi pamene aliyense wa ife anayambira, kaya anafikapo ali m'manja mwa amake, kaya anafikapo ndi miyendo yake imvi zili mbuu. Malowo ndi pa madzi a ubatizo.

Mpingo uno uli ndi buku limene ambiri a inu simunalionepo, kaundula wa ubatizo. Mulibe nkhani zokoma m'bukumo. Muli mizere yokhayokha: dzina la wobatizidwa, mayina a makolo, tsiku, ndi dzina la mbusa. Mukamatsegula masamba mumaona kalembedwe kakusintha, inki ikusintha, mapepala oyambirira atafiira. Ena mwa eni mayinawo mwakhala pano ndi zidzukulu zanu. Ena tinawaperekeza kumanda. Ena ali ku Lusaka, ku Kitwe, ku Johannesburg. Ena akupemphera m'mipingo ina, ndipo tikuthokoza Mulungu kuti akupemphera. Ena anakabatizidwanso kumtsinje atauzidwa kuti zimene zinachitika pano zinali zachabe. Ndipo alipo ena amene anangozimirira. Funso lathu lero ndi ili: kodi chinachitika n'chiyani tsiku limene dzina lanu linalembedwa m'buku limenelo?

Tiyambe ndi madzi. Madzi a ubatizo ndi madzi wamba. Mtumiki amawatunga pachitsime kapena pampopi m'mawa wa tsikulo, ndipo otsala amakathirira maluwa kuseri kwa tchalitchi. Sitiwaitanitsa ku Yordano. Katekisma wa Heidelberg, amene analembedwa mu 1563 ndipo ambiri tinamuphunzira m'kalasi, amakamba za ubatizo kuyambira funso 69 mpaka 74. Pa funso 72 amafunsa ngati kusamba kwa kunjaku ndiko kumachotsa machimo, ndipo amayankha kuti ayi, chochotsa machimo ndi mwazi wa Yesu Khristu ndi Mzimu Woyera basi. Wina angati, nanga madziwo ngachiyani? Tiyeni tiganize za kalata ya munda. Amfumu akakupatsani malo, amalemba kalata n'kudindapo chidindo. Chidindocho sichinakupatseni munda. Anakupatsani ndi amfumu. Koma tsiku limene mnansi adzayambe kusuntha malire, mudzathamangira m'sutikesi kukatulutsa kalata ija, ndipo chimene mudzaloze ndi chala ndi chidindo. Mulungu anadziwa kuti ndife anthu okayikakayika. Mawu a Uthenga timawamva ndi makutu pamodzi ndi khamu lonse, ndipo mtima ukhoza kunena kuti, zimenezi akunena ena, osati ine. N'chifukwa chake anatipatsa chizindikiro chokhudza thupi la munthu mmodzi, chotchula dzina la munthu mmodzi. Monga madzi anakhudzadi mutu wanu, momwemonso lonjezo la kukhululukidwa linaperekedwadi kwa inu.

Taonaninso kuti palibe munthu amene amadzibatiza yekha. Pa Mgonero wa Ambuye timatambasula dzanja, timatenga mkate, timadya. Pa ubatizo munthu amangoimirira kapena kunyamulidwa, ndipo zonse zimachitidwa pa iye. Ngakhale Ambuye Yesu anapita kwa Yohane kuti abatizidwe, monga tiwerenga pa Mateyu 3. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse: mu ubatizo woyamba kulankhula ndi Mulungu. Ambiri timaganiza kuti ubatizo ndi tsiku limene ife tinalonjeza Mulungu. Malonjezo athu alipodi, koma amadza pambuyo, ngati kuyankha munthu amene wakuitana kale.

Ndipo amatiitana ndi dzina. Kwathu kuno dzina silipatsidwa mwachisawawa. Mwana akatuluka m'chikuta, dzina limene akuluakulu amamupatsa limasimba zimene banja ladutsamo. Tili ndi a Dalitso ndi a Chisomo, komanso tili ndi a Misozi, a Masauso ndi a Mabvuto, amene anabadwa m'nyumba zimene zinali zitaika ana kumanda kapena zili pa njala. Mbusa akanyamula mwana wotere sasintha dzina lake. Amalitchula momwe lilili, ndipo pamwamba pake amatchula dzina la Atate, la Mwana, ndi la Mzimu Woyera, monga Ambuye analamulira pa Mateyu 28. Misozi amakhalabe Misozi, mbiri ya banja lake sifufutidwa, koma kuyambira tsiku limenelo ali ndi mwini wake. Kale ambiri ankatenga dzina latsopano la m'Baibulo kapena lachizungu pobatizidwa, ndipo ena mpaka lero amaganiza kuti dzina lachikuda silibatizika. Limabatizika bwinobwino. Dzina latsopano limene munthu amalandira pa ubatizo ndi la Mulungu mwini.

Paulo pa Aroma 6 amafanizira ubatizo ndi chinthu chimene tonse timachidziwa bwino, maliro. Akuti mu ubatizo tinaikidwa m'manda pamodzi ndi Khristu, kuti monga Iye anaukitsidwa, ifenso tiyende m'moyo watsopano. Pamaliro pathu mwambo ukamatha, wolankhulira banja amaimirira n'kunena kuti ngati alipo amene malemu anali naye ngongole abwere aonane ndi abale. Timatero chifukwa tikudziwa kuti wakufa sangalondoledwenso. Wangongole akhoza kukhala waukali chotani, koma kumanda safikako. Paulo akuti tchimo linali mbuye wathu, linkatilamula ngati akapolo, koma munthu amene linkamulamulayo anafa, anaikidwa, ndipo ngongole yake inalipidwa ndi Khristu. Choncho mowa ukakuitanani, chigololo chikakuitanani, ndalama ya chinyengo kuntchito ikakuitanani, muli ndi choyankha: amene mukumufunayo tinamuika kale. Mawu amenewa sachotsa mayesero, ndipo ndani wa ife amene sanagwepo? Koma amatiuza mbali imene tili pankhondoyo.

Tsopano za ana. Mpingo wathu wa Reformed Church in Zambia umabatiza akuluakulu amene atembenuka mtima, umabatizanso ana a okhulupirira. Pamene amishoni a Dutch Reformed Church anafika ku Magwero pa 5 Julayi 1899, oyamba kubatizidwa anali anthu akuluakulu, ataphunzira nthawi yaitali m'kalasi, pakuti m'badwo woyamba umayamba choncho kulikonse. Koma anthu amenewo atakhala Akhristu anabwera ndi ana awo. Chifukwa chake tichipeza pa Genesis 17, pamene Mulungu anapangana ndi Abrahamu kuti adzakhala Mulungu wake ndi wa mbewu yake, ndipo chizindikiro cha panganolo chinkaikidwa pa mwana wa masiku 8. Pa Pentekoste Petro anauza khamu kuti lonjezo ndi lawo ndi la ana awo. Pa Machitidwe 16 Lidiya anabatizidwa pamodzi ndi a m'nyumba yake, chimodzimodzinso mdindo wa ndende ya ku Filipi. Ndipo pa Akolose 2 Paulo amaika mdulidwe ndi ubatizo pamodzi. Ngati m'pangano lakale ana anali m'kati, kodi kubwera kwa Khristu kunawatulutsa kunja?

Amatifunsa kuti, khanda likudziwa chiyani? Silidziwa kanthu. Koma silidziwanso kuti ndi la kwa Phiri kapena kwa Banda, ndipo palibe amene amadikira kuti liyambe lakula kuti alilandire m'banja. Limakhala mwana wa m'nyumbamo lisanadziwe, kenako limakula n'kudziwa, n'kuyamba kuyankha likaitanidwa. Abale athu a Baptist ndi ena ambiri amawerenga malemba omwewa mosiyana, ndipo amabatiza okhawo amene avomereza okha. Ndi Akhristu anzathu, ena mwakhala nafe pano lero. Mkangano umenewu ndi wakale, ndipo unafikapo poipa: mu 1527 akuluakulu a mzinda wa Zurich anamiza Felix Manz mumtsinje wa Limmat chifukwa cha chiphunzitso chake cha ubatizo. Madzi amene anaperekedwa kukhala chizindikiro cha moyo anasanduka chophera munthu. Tikamakambirana nkhani imeneyi ndi anzathu, kaya pamaliro kaya m'basi, tizikumbukira kumene ukali ungafikitse anthu opemphera.

Ubatizo wa mwana si chitupa cholowera kumwamba. Paulo pa 1 Akorinto 10 akukumbutsa kuti Aisraele onse anawoloka nyanja, koma ambiri anathera m'chipululu. Mwana wobatizidwa ayenera kuphunzitsidwa, kulowa kalasi, ndi kudzaima yekha pamaso pa mpingo kuvomereza chikhulupiriro chake. Lonjezo limene munthu salilandira ndi chikhulupiriro lili ngati kalata ya munda imene njenjete zikudya m'sutikesi, munda uli thengo.

Koma pano tifuna kulankhula ndi amayi ena amene sanenapo kanthu kwa zaka zambiri. Alipo pakati pathu amene mwana wawo anamwalira asanabatizidwe, mwina patangopita masiku ochepa, mwina tsiku la ubatizo litakonzedwa kale. Ena anauzidwa ndi anthu opanda chifundo kuti mwanayo anatayika. Amayi, tamverani. Chopulumutsa ndi Khristu, ndipo Khristu samangidwa ndi kalendala ya mpingo. Wachifwamba uja wa pa Luka 23 analonjezedwa Paradaiso ali pamtanda, popanda dontho la madzi. Sinodi ya ku Dort, imene inakhala pansi mu 1618 ndi 1619, inaphunzitsa momveka kuti makolo oopa Mulungu asakayike za chipulumutso cha ana awo amene Mulungu wawaitana ali makanda, pakuti anawo ali m'pangano la chisomo pamodzi ndi makolo awo. Mwana wanu anali wa Mulungu madzi asanamukhudze. Ubatizo ukanangodinda chimene chinali choona kale.

Chifukwa chomwechi tisasandutse ubatizo chithumwa. Makolo ena amathamangira kubatiza mwana ndi maganizo omwe aja omangira mphinjiri m'chiuno, kuti asadwaledwale, kuti mfiti zisamuone. Ana obatizidwa amadwala malungo ngati ana ena onse, ndipo amafunika neti ndi chipatala. Masiku ano kwabweranso madzi a m'mabotolo, ogulitsidwa pamtengo, akuti odzozedwa. Pa Machitidwe 8 tiwerenga za Simoni wa ku Samariya, munthu wamatsenga amene anabatizidwa ndithu, koma ataona ntchito ya Mzimu anatulutsa ndalama kuti agule mphamvuyo. Petro anamudzudzula koopsa. Namani wa pa 2 Mafumu 5 anakwiya atauzidwa kukasamba mu Yordano, chifukwa ankayembekeza zodabwitsa, ndipo atachira Elisa anakana mphatso zake zonse. Za Mulungu sizigulitsidwa, ndipo mu mpingo uno palibe amene ayenera kulephera kubatiza mwana chifukwa alibe ndalama ya phwando kapena ya diresi loyera.

Tifike tsopano pa nkhani imene yalizitsa makolo ambiri mumpingo muno, ya kubatizidwanso. Tisafulumire kuweruza ana athu amene anapita kumtsinje. Ambiri a iwo sanapite chifukwa chonyoza Mulungu. Anapita chifukwa anakumana naye. Mnyamata anakulira mu Sande Sukulu, anatayika m'tauni zaka zingapo, kenako usiku wina Mawu anamulasa mtima, moyo wake n'kusinthiratu. Akufuna chinthu chooneka chosonyeza kuti wayambanso. Chikhumbo chimenecho n'chabwino, ndipo ife tikondwera naye. Koma taganizani za bambo amene anasiya mkazi ndi ana n'kukasowa ku migodi zaka khumi. Tsiku lina wabwera, walapa. Kodi ankhoswe amanena kuti ukwati woyamba uja unali wabodza, tiyeni timange wina? Iyayi. Amanena kuti ukwati ulipo, amene anachoka ndi iwe, pepesa, lowa m'nyumba, ukhale mwamuna amene unalonjeza kukhala. Mwana wolowerera wa pa Luka 15 atabwerera, atate wake sanachite kumubalanso. Anali mwana wawo nthawi yonse imene ankadyetsa nkhumba. Tsiku limene munatembenuka mtima ndi tsiku limene munayankha kuitana kumene kunayamba kalekale. Kubatizidwanso kumakhala ngati kuuza Mulungu kuti poyamba paja sananene zoona.

Ena amauzidwa kuti madzi anachepa, kuti kuwaza si ubatizo. Ife sititsutsa kumiza. Munthu wobatizidwa pomizidwa m'dzina la Utatu Woyera akabwera kwa ife timamulandira osamubatizanso, ndipo kumiza kumaonetsa bwino chithunzi cha kuikidwa m'manda. Koma Malemba satipatsa muyeso wa madzi. Kabuku kakale kotchedwa Didache, kolembedwa cha m'ma chaka cha 100, kamalangiza kubatiza m'madzi oyenda, ngati palibe m'madzi ena alionse, ndipo ngati achepa kuthira pamutu katatu. Akhristu oyambirirawo ankadziwa kuti kuli malo ndi nyengo zimene mitsinje imaphwa, monga momwe yathu imachitira mu Okutobala. Kodi munthu wodwala ali pamphasa, kapena nkhalamba ya kumudzi kopanda dambo, Mulungu angaikane chifukwa cha kuchepa kwa madzi? Chidindo chaching'ono ndi chachikulu mphamvu yake ndi imodzi, pakuti mphamvuyo ili mwa mwini chidindo.

Ena amauzidwa kuti mbusa amene anakubatiza analibe Mzimu, kapena anadzagwa m'tchimo pambuyo pake. Funso limeneli linayankhidwa kalekale, ndipo linayankhidwa mu Africa momwe muno. Mu 303 mfumu ya Aroma Diocletian inalamula kuti mabuku opatulika aperekedwe kuti atenthedwe, ndipo atsogoleri ena a mpingo anachita mantha n'kuwapereka. Chizunzo chitatha, gulu lina la kumpoto kwa Africa, lotsatira Donatus, linati ubatizo wochitidwa ndi atsogoleri otere ndi wopanda pake, ndipo linayamba kubatizanso anthu. Mpingo unagawanika kwa zaka zoposa 100. Augustine, bishopu wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, amene anamwalira mu 430, anaphunzitsa kuti wobatiza weniweni ndi Khristu, mtumiki ndi dzanja chabe. Taganizani mukanakhala kuti ubatizo wanu ukudalira mtima wa mbusa. Mukanaudziwa bwanji mtimawo? Bwenzi mukubatizidwa chaka ndi chaka, nthawi iliyonse imene mwamva mphekesera. Paulo yemwe pa 1 Akorinto 1 anathokoza Mulungu kuti ku Korinto anabatiza anthu owerengeka okha, Krispo, Gayo ndi banja la Stefana, kuopa kuti wina angamanene kuti anabatizidwa m'dzina la Paulo. Masiku ano timamva anthu akunyadira kuti anabatizidwa ndi mneneri wakutiwakuti. Paulo akanamva chisoni.

Wodziwa Baibulo adzatifunsa za Machitidwe 19, pamene Paulo anabatiza amuna ngati 12 a ku Efeso amene anali atabatizidwa kale. Tiwerenge bwino. Anthu amenewo anali ndi ubatizo wa Yohane wokha, ndipo za Mzimu Woyera anali asanamvepo n'komwe. Ubatizo wachikhristu anaulandira tsiku limenelo koyamba. M'Chipangano Chatsopano chonse mulibe munthu wobatizidwa m'dzina la Khristu amene anabatizidwa kachiwiri, ngakhale Simoni wamatsenga uja. Iye anauzidwa kuti alape. Aefeso 4 amatchula ubatizo umodzi pamodzi ndi Ambuye mmodzi ndi chikhulupiriro chimodzi, ndipo Chikhulupiriro cha ku Nicea, monga chinatsirizidwira mu 381, chimavomereza chimodzimodzi.

Palinso mantha a matemberero a kumtundu. Mtsikana akachedwa kukwatiwa, mnyamata akasowa ntchito, amauzidwa kuti agogo ake anachita pangano ndi mizimu, ndipo afunika kusambitsidwa mwapadera. Sitikana kuti zochita za makolo zimapweteka ana. Nyumba ya chidakwa imasiya mabala. Koma pangano limene Mulungu anadinda pa inu silingagonje kwa pangano la munthu wakufa. Martin Luther akavutidwa ndi mantha ndi kudzitsutsa, ankadzikumbutsa kuti ndi wobatizidwa. Sankadalira kulimba kwa chikhulupiriro chake, chimene tsiku lina chinkakwera tsiku lina n'kutsika. Ankadalira chinthu chimene Mulungu anachita pa tsiku lodziwika, pamaso pa mboni. Inunso muli nacho. Ndipo kwa inu amene munabatizidwanso kale, khomo lili chitsegukire. Kaonaneni ndi abusa ndi akulu a dera lanu. Dzina lanu m'kaundula silinafufutidwe.

Ubatizo umatipatsanso abale amene sitinasankhe. Munthu wa ku Africa amene ubatizo wake wasimbidwa pa Machitidwe 8 anali nduna yosunga chuma cha mfumukazi ya ku Itiyopiya, mlendo, ndiponso mdindo wofulidwa amene lamulo la pa Deuteronomo 23 linkamutsekera kunja kwa msonkhano. Ataona madzi m'njira ya ku Gaza anafunsa Filipo ngati panali chomuletsa, ndipo panalibe. Nkhani imeneyi ikubwera Paulo asanawolokere ku Makedoniya, choncho amene amati ubatizo ndi mwambo wa azungu ayambe awerenga bukuli mwa dongosolo lake. Pa Agalatiya 3 Paulo akuti obatizidwa avala Khristu, ndipo kusiyana kwa mtundu, kwa kapolo ndi mfulu, kwa mwamuna ndi mkazi, sikuwalekanitsanso. Mumpingo muno muli Achewa, Angoni, Ansenga, Atumbuka, Akunda, ndi ena amene anabwera ndi ntchito kapena ukwati kuchokera kwa Abemba, Atonga ndi Alozi. Chimbuya chathu chochezerana pamaliro n'chokoma, chipitirire. Koma nthawi yosankha akulu a mpingo ikafika, kapena chaka cha masankho a dziko, mawu akuti uyu ngwakwathu asamamveke kuposa madzi amene tonse tinabatizidwa nawo m'mbale imodzi.

Tsiku la ubatizo makolo amaima kutsogolo n'kulonjeza kulera mwana m'chiphunzitso cha Ambuye. Ena amasunga lonjezolo. Ena amangofuna khadi, poganiza za sukulu, za ukwati ndi za maliro a m'tsogolo, ndipo sitiwaonanso mpaka atabereka wina. Kwa otere tingonena kuti munalonjeza pamaso pa Mulungu, ndipo kuwongola mtengo mpoyamba. Koma ife otsala amene timakhala pamabenchi tsiku limenelo si oonerera. Mwana amabatizidwa pakati pa mpingo chifukwa akulowa m'thupi limodzi, monga 1 Akorinto 12 anenera, ndipo makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. M'zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inatenga makolo ambiri m'dziko muno, panali ana obatizidwa amene owalonjezera onse awiri anapita. Lonjezo lija silinagwe pansi. Analitola ndi ambuya awo, azakhali, amayi a Chigwirizano, aphunzitsi a Sande Sukulu amene sanalandirepo ngwee. Ena mwa ana amenewo lero akuimba m'kwaya, ena akuphunzitsa kalasi, ena abweretsa ana awo kudzabatizidwa. M'mbiri ya zaka 50 zimenezi, ntchito imeneyo tikuiyesa yaikulu kuposa khoma lililonse limene tamanga.

Ndiye tili ndi pempho. Mapemphero akatha, kaundula akhala patebulo pakhomo la chipinda cha akulu, ndipo alembi a mpingo akuthandizani kupeza dzina lanu. Ambiri timadziwa tsiku lobadwa koma la ubatizo sitilidziwa. Lilembeni, mukauze ana anu. Mukapeza lanu, muyang'anenso mayina a pamwamba ndi pamunsi pake, a anzanu amene munabatizidwa nawo tsiku limodzi. Ngati pali wina amene mukudziwa kumene ali ndipo sapempheranso kulikonse, mutchuleni kwa mkulu wa dera lanu. Tikufuna kuti chaka cha chikondwererochi chisanathe aliyense wotere ayenderedwe kapena aimbiridwe foni, mwaulemu, popanda kumuopseza, angouzidwa kuti kwawo akumukumbukira ndipo malo ake alipo. Amene anabatizidwira m'mipingo ina ndipo makhadi awo anatayika, aonanenso ndi alembi kuti awathandize kulemba kalata kumene anachokera.

Ana amene abatizidwe m'mapemphero a mawa, abusa atchula mayina awo mmodzimmodzi. Tikupempha kuti banja lililonse lisunge dzina limodzi, lizimupempherera mwanayo, ndipo lizifunsa makolo ake za iye.